NYUMBA YA MALAMULO: MAKONZEDWE AKE NDI AMENE AMAITSOGOLERA

Nkhani yokambidwa kwa anthu a m'boma la Chadiza



Zaka zisanu zilizonse anthu a ku Chadiza amalawira m'mamawa, kusiya makasu, ndi kukaima pa mzere pa sukulu kuti asankhe phungu wokawaimira ku Lusaka. Wopambanayo amamperekeza ndi nthungululu, koma galimoto yake ikangooloka mlatho wa Luangwa ambiri sadziwanso cimene amakacita kumeneko. Ena amayesa kuti phungu amakalandira makiyi a mosungira ndalama za Boma. Ena amayesa kuti akangoimirira ndi kunena kuti mseu wa kwao waonongeka, m'mawa mwake makina okonza mseu afika. Zimenezi zikapanda kucitika, mbiri imamveka pa cigayo ndi pa msika kuti munthu uja anapita kukagona. Aphungu ogona alipo ndithu. Koma kuti munthu asiyanitse wogona ndi wogwira nchito, ayenera kuyamba wadziwa m'mene Nyumba imene anamtumako inakonzedwera, ndiponso amene ali ndi mphamvu yompatsa kapena kumlanda mpata wolankhula.

Anthu ambiri amachula Paliyamenti ndi Nyumba ya Malamulo ngati cinthu cimodzi, koma Malamulo Akulu a dziko amazisiyanitsa. Nyumba ya Malamulo ndi msonkhano wa aphungu. Paliyamenti ndi Nyumba imeneyo pamodzi ndi Pulezidenti. Pulezidenti alibe mpando m'Nyumba ndipo saponyamo voti. Amabwera pa masiku oikika kudzalankhula, makamaka potsegulira caka ca Nyumba, ndipo akatsiriza amatuluka kuti aphungu akambirane mau ake mwini wake palibe.

KUMENE NYUMBAYI INACOKERA

Nyumbayi inayamba mu 1924, pamene Boma la Britain linatenga dziko la Northern Rhodesia m'manja mwa kampani ya British South Africa. Inali kusonkhana ku Livingstone, kumene kunali likulu kufikira 1935, ndipo wapampando wake anali Bwanamkubwa mwini. Ndiye kuti wolamula dziko ndi woweruza mikangano ya m'Nyumba anali munthu mmodzi yemweyo. Munthu wakuda munalibe. Caka ca 1948 cinasintha zinthu ziwiri. Anthu akuda awiri oyamba, a Nelson Nalumango ndi a Henry Kasokolo, analowa m'Nyumba, ndipo Bwanamkubwa anacoka pa mpando nausiyira Sipikala.

Cigawo ca Kum'mawa cili ndi mbiri yake pa mpando umenewu. Sipikala woyamba uja anali T. S. Page, mlimi wacizungu wa ku Fort Jameson, kumene lero kumachedwa Chipata. Ufulu utabwera mu 1964, munthu wakuda woyamba kukhala Sipikala anali a Wesley Nyirenda, phungu wa Fort Jameson yemweyo. Nyumba ya denga la mkuwa ya pa Manda Hill, imene ambiri amaiona pa zithunzi, inatsegulidwa mu 1967.

Ciwerengero ca aphungu cakhala cikukula pamodzi ndi anthu. Mu 1964 osankhidwa ndi anthu anali 75, mu 1968 anafika 105, mu 1973 anafika 125, mu 1991 anafika 150, ndipo mu 2016 anafika 156. Mu Disembala 2025 Malamulo Akulu anasinthidwanso kuti madera a masankho akhale 226, ndi kuti pakhale mipando ina 40 yosungidwira amai, acinyamata ndi anthu olemala. Pamwamba pa amenewa pamakhala aphungu owerengeka amene Pulezidenti amawasankha yekha, ndiponso Waciwiri kwa Pulezidenti. Malire a madera nawo amasuntha. Kufikira 2012 boma la Chadiza linali ndi phungu wa Chadiza ndi phungu wa Vubwi, koma m'caka cimeneco Vubwi linakhala boma palokha. Cofunika kugwira pa manambala onsewa ndi ici: phungu wa ku Chadiza ali ndi voti imodzi pakati pa mavoti oposa zana limodzi ndi theka. Yekha sangapange lamulo, ndipo yekha sangatulutse ngwee m'thumba la Boma. Cimene ali naco ndi mpata wolankhula, wofunsa ndi wofufuza, ndipo mpata umenewo uli m'manja mwa Sipikala.

MPANDO WA SIPIKALA

Nyumba yatsopano ikakumana pambuyo pa masankho, nchito yake yoyamba ndi kusankha Sipikala. Malamulo a 2016 anaika kuti Sipikala asacokere pakati pa aphungu. Maina amaperekedwa ndi Pulezidenti ndi zipani zimene zili ndi mipando m'Nyumba, ndipo aphungu amaponya voti yacinsinsi. Kotero Sipikala alibe dera limene amaimira. Alibenso voti. Kale, aphungu akagawikana pakati ndi pakati, Sipikala ndiye anali kudula mlandu ndi voti yake, koma kuyambira 2016 mavoti akafanana nkhaniyo imangogwa. Munthu wamphamvu koposa onse m'cipinda cimeneco ndiye yekha amene saloledwa kunena mbali imene ali.

Pansi pake pali aciwiri awiri. Woyamba amacokera kunja kwa Nyumba monga Sipikala, wina amasankhidwa pakati pa aphungu, ndipo lamulo limakana kuti awiriwa akhale a cipani cimodzi kapena onse amuna kapena onse akazi. Mu 2021 Nyumba inasankha Mai Nelly Mutti, loya, kukhala Sipikala, mkazi woyamba pa mpandowo ciyambire 1948. Waciwiri woyamba anali Mai Attractor Chisangano, ndipo winayo anali a Moses Moyo, phungu woima payekha wa Luangeni, kufupi konkuno.

Tsiku la msonkhano limayamba ndi mwambo. Sipikala amalowa atatsogozedwa ndi msilikali wa Nyumba, amene amasenza pa phewa ndodo yaulemu, cizindikiro ca mphamvu ya Nyumba. Aphungu onse amaimirira. Ndodoyo imagonekedwa pa gome, pemphero limanenedwa, ndipo nchito imayamba. Popanda ndodoyo palibe msonkhano. Palibenso msonkhano ngati aphungu amene alipo safika gawo limodzi mwa magawo atatu a Nyumba yonse. A Boma amakhala ku dzanja lamanja la Sipikala, otsutsa ku dzanja lamanzere, ndipo nduna zimakhala pa mipando ya kutsogolo.

Munthu amene anakhalapo pa bwalo la mfumu sangadabwe ndi zotsatira. Pa bwalo, odandaula awiri salozana zala. Aliyense amalankhula kwa oweruza, ndipo mnzake amamva mau atadzera kumeneko. M'Nyumba ya Malamulo ndi cimodzimodzi. Phungu salankhula kwa phungu mnzake, ngakhale akhale moyang'anana naye, koma amalankhula kwa Sipikala. Saimirira kulankhula kufikira Sipikala atamuona ndi kumuitana. Ndipo pomuitana sachula dzina limene makolo ake anampatsa, koma dzina la dera lake: Olemekezeka phungu wa Chadiza. Mwambo umenewu ukuoneka waung'ono, koma uli ndi tanthauzo lalikulu. Amene amapatsidwa mpata wolankhula ndi Chadiza. Phungu akakhala cete caka cathunthu, m'mabuku a Nyumba ochedwa Hansard, m'mene mau onse olankhulidwa amalembedwa, dzina limene limasowa ndi la Chadiza.

Sipikala ndiye amaweruza ngati funso liloledwa kapena ai, ngati mau ena ndi acipongwe oyenera kubwezedwa, ndi ngati phungu wasocera pa nkhani. Iye ndiyenso mlonda wa ufulu wa aphungu. Lamulo la mphamvu ndi ufulu wa Nyumba limanena kuti phungu sangazengedwe mlandu ku khoti cifukwa ca mau amene walankhula m'Nyumba. Ufulu umenewu sunaikidwe kuti aphungu azinyoza anthu. Unaikidwa kuti phungu athe kunena poyera kuti feteleza wafika mocedwa kapena kuti ndalama za cipatala zasowa, osaopa kuti wamkulu amene wamuchulayo adzamgwetsa ndi milandu.

Mphamvu yolanga nayo ili pomwepo, ndipo apa ndi pamene mpandowu umayesedwa. Mu Juni 2017 Sipikala Patrick Matibini anaimika aphungu 48 a cipani ca UPND kwa masiku 30 cifukwa cokana kukamvera mau a Pulezidenti Edgar Lungu m'Nyumba. Mu Marici 2022, zipani zitasinthana mbali, Sipikala Nelly Mutti anaimika aphungu 30 a cipani ca PF kwa masiku 30 cifukwa ca cisokonezo cimene cinacitika m'Nyumba. Nthawi zonse ziwiri olangidwa anadandaula kuti mpando wakondera, ndipo a Boma anati mwambo wasungidwa. Nyumba yopanda mwambo singagwire nchito, zimenezo n'zoona. Koma n'zoonanso kuti phungu akaimikidwa mwezi wathunthu, amene amakhala opanda pakamwa mwezi umenewo ndi anthu a m'dera lake, amene sanalakwe kanthu. Ndi cifukwa cake cilango cotere ciyenera kukhala cosowa.

Mphamvu ya mpandowu ilinso ndi malire. Mu 1996 Nyumba inalamula kuti akonzi a nyuzipepala ya The Post, a Fred M'membe ndi a Bright Mwape, atsekeredwe m'ndende cifukwa ca zimene analemba zokhudza Nyumbayo. Khoti Lalikulu linawamasula. Nyumba imapanga malamulo, koma iyo yomwe ili pansi pa Malamulo Akulu.

ENA OTSOGOLERA

Sipikala amasunga mwambo, koma sasankha nchito imene Boma lifuna kubweretsa. Imeneyo ndi nchito ya Mtsogoleri wa Zocita za Boma m'Nyumba, amene ndi Waciwiri kwa Pulezidenti. Iye amayankha m'malo mwa Boma lonse, ndipo tsiku Lacisanu pamakhala nthawi imene aphungu amamponyera mafunso osamcenjeza. Ku mbali inayo kuli Mtsogoleri wa Otsutsa, wocokera ku cipani cotsutsa cimene cili ndi mipando yambiri, ndipo udindo wake unalembedwa m'Malamulo Akulu mu 2016.

Cipani ciliconse cacikulu cili ndi kapitao wake, amene pa Cingerezi amachedwa Whip. Nchito yake ndi kuonetsetsa kuti aphungu a cipani cake afika pa tsiku la voti ndi kuti aponya monga cipani cagwirizana. Apa ndi pamene anthu a kumudzi amakhumudwa kawirikawiri. Phungu amalankhula bwino pa msonkhano wa kwao, koma ku Lusaka amaponya voti motsutsana ndi mau ake omwe. Cifukwa cake sicobisika. Phungu ali ndi ambuye awiri, anthu amene anamsankha ndi cipani cimene cinamuimika, ndipo lamulo limanena kuti akatuluka m'cipanico kapena kulowa cina, mpando wake watha. Phungu wanzeru amamenyera nkhondo ya dera lake m'msonkhano wa cipani, voti isanafike, pakuti nkhanga zinapangana kusanace.

Pali mkulu wina amene salankhula m'Nyumba koma popanda iye palibe cimene cingayende. Ameneyu ndi Mlembi wa Nyumba, wanchito wosakhala wa cipani ciliconse. Amakhala pa gome patsogolo pa Sipikala, amamlangiza za malamulo a m'Nyumba, amalandira mafunso ndi zikalata, ndipo amayang'anira anchito onse a pa Manda Hill.

ULENDO WA FUNSO

Nayi njira imene dandaulo la kumudzi limayendamo. Mvula yakokolola mlatho, ndipo alimi a tsidya lina sangathe kupita ndi cimanga ndi nshawa zao ku msika. Anyakwawa afikitsa nkhaniyi kwa phungu. Phungu alemba funso kwa nduna yoona za miseu, nalipereka ku ofesi ya Mlembi. Funsolo likaloledwa limatumizidwa ku unduna, ndipo tsiku lake likafika limasindikizidwa pa pepala la zocita za tsikulo. Nduna iyenera kuimirira ndi kuyankha pamaso pa Nyumba yonse. Ikayankha mozemba, phungu ali ndi mpata wofunsanso pomwepo, ndipo aphungu anzake a madera oyandikana akhoza kuonjezera mafunso ao.

Yankho silimanga mlatho. Koma nduna ikanena kuti nchito idzayamba caka ca mawa, mau amenewo alembedwa, ndipo m'Nyumba muli komiti imene nchito yake yokha ndi kulondola malonjezo a Boma ndi kuitana akuluakulu a unduna kudzafotokoza cifukwa cake sanakwaniritsidwe. Phungu wodziwa nchito sataya funso lake. Amabwera nalo caka ndi caka kufikira unduna utaona kuti kumanga mlatho n'kopepuka kuposa kuyankha. Mlandu suola.

Ndiye poyesa phungu, funso labwino silakuti wagula mabokosi a maliro angati. Cifundo pa maliro ndi cabwino, koma cimacokera m'thumba lake, ndipo aliyense wacuma angacite comweco popanda voti ya munthu. Funso labwino ndi lakuti wafunsa mafunso angati, ali m'komiti iti, ndipo pa bajeti analankhula ciani.

M'MENE LAMULO LIMABADWIRA

Lamulo lisanabadwe limachedwa bilu. Mabilu ambiri amabwera ndi nduna, ngakhale kuti phungu wamba nayenso amaloledwa kubweretsa yake. Bilu imawerengedwa katatu. Kuwerenga koyamba ndi kungochula dzina lake, ndipo pamenepo imatumizidwa ku komiti kuti ikaipende ndi kumva maganizo a anthu. Pa kuwerenga kwaciwiri ndi pamene pamakhala mtsutso waukulu wa colinga ca biluyo. Ikapyola pamenepo, Nyumba yonse imasanduka komiti, Sipikala amacoka pa mpando, ndodo ija imatsitsidwa pa gome, ndipo mmodzi wa aciwiri ake amatsogolera aphungu kupenda ndime imodzi imodzi ndi kukonza mau. Kuwerenga kwacitatu ndi kutsiriza.

Pamenepo bilu imapita kwa Pulezidenti. Malamulo a 2016 anampatsa masiku 21 kuti asaine kapena aibweze ndi zifukwa zake. Akaibweza, aphungu akhoza kuikonza monga wapempha. Akhozanso kukana, ndipo ngati magawo awiri mwa magawo atatu a aphungu aivomerezanso osasintha, Pulezidenti ayenera kusaina m'masiku 7.

Kusintha Malamulo Akulu n'kovuta koposa, ndipo kunapangidwa dala kuti kukhale kovuta. Bilu yotere iyenera kusindikizidwa m'Gazeti ya Boma masiku 30 isanawerengedwe koyamba, ndipo iyenera kupeza magawo awiri mwa atatu a Nyumba yonse pa kuwerenga kwaciwiri ndi kwacitatu. Pa 29 Okutobala 2020 bilu yochuka ya Nambala 10 inafuna mavoti 111 koma inapeza 105, ndipo inagwa, ngakhale kuti Boma la nthawi imeneyo linaifuna ndi mtima wonse. Mavoti asanu ndi imodzi okha ndiwo anasowa. Pa tsiku lotere voti imodzi ya dera lakutali imalemera mofanana ndi ya dera la m'kati mwa Lusaka.

NDALAMA NDI MAKOMITI

Boma silingatole msonkho kapena kugwiritsa nchito ndalama popanda cilolezo ca Nyumba. Nduna ya zacuma imabweretsa bajeti caka catsopano cisanayambe, ndipo aphungu amapenda ndalama za unduna uliwonse pawokha. Malamulo a 2016 amawalola kusuntha ndalama kucoka pa nchito ina kupita pa ina, koma sawalola kusintha ciwerengero conse. Phungu wofuna kuti ku ulimi kuonjezedwe ayenera kuonetsa kumene kucotsedwe, ndipo apa ndi pamene ambiri amazirala.

Nchito yeniyeni yofufuza imacitika m'makomiti, m'zipinda zazing'ono zimene sizimveka kwambiri pa wailesi. Kuyambira kusintha kwa mu 1999 pali makomiti oyang'anira maunduna, monga a zaulimi, zaumoyo ndi zamaphunziro, ndipo m'komiti iliyonse mumakhala aphungu a zipani zosiyana. Makomiti ali ndi mphamvu yoitana mlembi wamkulu wa unduna kudzayankha, ndipo amayendera zigawo kukaona ndi maso. Yoopedwa koposa ndi Komiti ya Ndalama za Boma, imene imatenga lipoti la Wofufuza Wamkulu wa mabuku a Boma ndi kufunsa kumene ndalama iliyonse inapita. Mwa mwambo wapampando wake sacokera ku cipani colamula, pakuti munthu sadziwerengera yekha nkhokwe imene akumganizira kuti wabamo.

Mau awiri pa thumba la citukuko ca m'madera, lochedwa CDF, limene anthu ambiri amayesa ndi ndalama za phungu. Thumbali linayamba mu 1995, ndipo mu bajeti ya 2022 linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse. Nyumba ndiyo imavomereza ndalamazi, koma zimadzera ku khonsolo, ndipo nchito zimasankhidwa kuyambira ku makomiti a m'mawadi. Phungu ali ndi mau pamenepo, koma ndalamazo si zake, ndipo wolandira thandizo la sukulu kucokera m'thumbali alibe ngongole ya voti kwa munthu aliyense.

NYUMBA YA CIPANI CIMODZI

Acikulire a ku Chadiza amakumbukira nthawi imene Nyumba inalibe mbali ya otsutsa. Pambuyo pa komishoni ya a Mainza Chona, dziko linalowa mu ulamuliro wa cipani cimodzi mu Disembala 1972, ndipo Malamulo Akulu atsopano anabwera mu 1973. Aphungu onse anali a UNIP. M'dera lililonse atsogoleri a Cipani anali kuyamba aponya voti yosefa, maina osapitirira atatu anali kupita kwa anthu, ndipo Komiti Yaikulu ya Cipani inali ndi mphamvu yocotsa dzina lililonse limene sinalifune. Zocita za Boma m'Nyumba zinali m'manja mwa Nduna Yaikulu, ndipo woyamba pa udindowo anali a Chona omwewo.

Munthu angayese kuti Nyumba yotere inali ya anthu ongovomera. Sizinali conco nthawi zonse. Aphungu a mipando ya kumbuyo, amene analibe udindo m'Boma, anatenga nchito ya otsutsa, nafunsa nduna mafunso owawa pa za mitengo ya zinthu ndi makampani a Boma, kotero kuti Pulezidenti Kenneth Kaunda anawadzudzula poyera mu 1975. Amene anawasungira mpata wolankhula anali Sipikala Robinson Nabulyato, amene anakhala pa mpando kuyambira 1969 kufikira 1988. Koma Sipikala akanatha kuteteza phungu m'kati mwa cipinda mokha. Pa khomo la masankho panali Komiti Yaikulu, ndipo mu 1978 ena mwa aphungu olankhula kwambiri anakanizidwa kuimanso. Njira ina yozimitsira phungu waphokoso inali kumpatsa udindo, pakuti wokhala pa mpando wa kutsogolo safunsa Boma mafunso.

Ulamuliro wa zipani zambiri unabwerera mu Disembala 1990, ndipo pa masankho a pa 31 Okutobala 1991 cipani ca MMD cinatenga mipando 125 mwa 150. UNIP inatsala ndi 25, ndipo 19 mwa imeneyi inali mipando yonse ya Cigawo ca Kum'mawa, Chadiza ali momwemo. Anthu amene kwa zaka 27 anazolowera kuti phungu wao ali ku dzanja lamanja anadzuka ali ku dzanja lamanzere. Nyumba yatsopanoyo inaitana a Nabulyato kubwerera pa mpando, m'malo mwa a Fwanyanga Mulikita amene anakhalapo kuyambira 1988, ndipo anatumikira kufikira 1998, pamene a Amusaa Mwanamwambwa anawalowa m'malo. Munthu mmodzi anatsogolera Nyumba ya cipani cimodzi ndi Nyumba ya zipani zambiri, zaka zoposa 25 zonse pamodzi. Cigawo cino cinaphunzira m'zaka zimenezo kuti malamulo a m'Nyumba, amene wokhala ku mbali ya Boma amawaona ngati cocedwetsa nchito, ndiwo cuma cokha ca wokhala ku mbali yocepa.

MAFUMU NDI ANTHU WAMBA

Funso limabuka kawirikawiri lakuti mafumu ali pati m'makonzedwe amenewa. Mfumu Mlolo, Mfumu Mwangala ndi Mfumu Zingalume, pamodzi ndi mafumu onse a Acewa a pansi pa Kalonga Gawa Undi, alibe mipando m'Nyumba ya Malamulo. Kuyambira 1996 mfumu yofuna kuima pa masankho a uphungu iyenera kuyamba yatula pansi ufumu. Mafumu ali ndi nyumba yaoyao, Nyumba ya Mafumu, imene malamulo a 2016 anaika kuti mukhale mafumu asanu ocokera m'cigawo ciliconse, osankhidwa ndi mafumu anzao. Nyumba imeneyi imalangiza Boma pa za miyambo, za ufumu ndi za malo a makolo, ndipo imakambirana mabilu okhudza zimenezi, koma sipanga malamulo. Zambia ili ndi nyumba imodzi yokha yopanga malamulo.

Cinthu cimodzi cimene cimatalikitsa Nyumba ndi anthu ndi cilankhulo. Zokambirana zonse zimacitika m'Cingerezi, ndipo kuyambira 2016 woima pa uphungu, pamwamba pa kukhala nzika ya zaka 21 yolembetsa m'kaundula wa voti, ayenera kukhala ndi satifiketi ya Giredi 12 kapena yofanana nayo. Ubwino wake ulipo, pakuti bilu ndi bajeti ndi mabuku ovuta. Koma lamuloli linatsekera kunja anthu ena anzeru zoweruza amene umphawi unawacotsa pa sukulu, makamaka amai a kumidzi, ndipo mlimi amene watsegula wailesi ya Paliyamenti amamva dzina la Chadiza koma osamva cimene canenedwa. Cotero ndi udindo wa phungu, pamene Nyumba yapuma, kubwera kudzamasulira m'Cinyanja zimene analankhula ndi m'mene anaponyera voti.

Khomo la munthu wamba lilipo. M'zaka za m'ma 2000 Nyumba ya Malamulo inatsegula maofesi m'madera a masankho. Ofesi imeneyi ndi ya Nyumba, si ya cipani, ndipo wanchito wa m'menemo ayenera kulandira aliyense osafunsa khadi kapena mbali imene anaponyera. Kumeneko munthu akhoza kusiya dandaulo lolembedwa, kufunsa za bilu imene ikukambidwa, kapena kupempha kuona zimene phungu analankhula. Ndime 88 ya Malamulo Akulu imapatsanso nzika iliyonse ufulu wolembera Nyumba kupempha kuti lamulo lipangidwe, likonzedwe kapena licotsedwe. Komiti ikamapenda bilu imalengeza masiku olandira maganizo, ndipo gulu la alimi, bungwe la amai kapena aphunzitsi a sukulu imodzi akhoza kulemba kalata yao, kuisaina, ndi kuitumiza kwa Mlembi wa Nyumba ku Manda Hill, kapena kuipereka pa ofesi ya dera kuti ipite ndi makalata a phungu.